Mabotolo a Vibol m'Shedi ya Mabwato

Loji yathu ili m'mbali mwa mtsinje, kumtunda kwa tawuni ya Kampot, kupitirira pomwe phula amathera. Tinyumba take n'tansungwi, magetsi ndi a sola. Anthu amachoka ku Phnom Penh makutu atatopa ndi mahutala, n'kudzakhala pakhonde kumangoyang'ana madzi. Wailesi sitilola. Ngakhale mwamuna wanga Sarun amayendetsa alendo pa bwato lopalasa, kuopa phokoso la injini.

Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, dzina lake Vibol, amene sanakhalepo pa bizinesi imodzi mpaka mvula kugwa kawiri. Anagulitsapo zikwama za mafoni. Anawetapo nkhululu kuseri kwa nyumba ya amayi mpaka zinadzaza kuchipinda kwawo. Ndiye mu Epulo wathayu, dzuwa likuswa mtengo, nditamuona akutsika pa tukutuku, njinga yamoto yokoka kangolo, yodzaza makatoni, mutu unayamba kundiwawa asanandipatse n'komwe moni.

M'makatonimo munali mabotolo a msuzi wophikaphika. Anandifotokozera kuti ku Phnom Penh anadziwana ndi mayi wina wa ku Ghana, Adwoa, amene amaphika msuzi wa kwawo n'kumagulitsa kwa anzake a ku Africa, ambiri osewera mpira ndi ophunzitsa Chingerezi. Unalipo wa mitundu iwiri: wakuda wa tsabola ndi tinkhanu touma wokazinga m'mafuta, umene amautcha shito, ndi wofiira wa tomato. Vibolyo akuti tsopano ndiye woimira mayiyo kuchigawo chonse cha kunyanja.

"Bong, mungotsegula, kuthira pa mpunga, basi," anatero. Bong ndi mmene timaitanira wamkulu kuno kwathu. "Zosinja mumtondo mwatsanzikana nazo."

Ndinamufunsa ngati waiwala kumene anabadwira. Tsabola amene anthu amamulondola kuchokera kutali amalimidwa kuseri kwa phiri lomweli, ndipo mtsuko wa prahok, nsomba yathu yovunditsa, sunaumepo m'khitchini mwanga. Iye anangoseka, n'kupempha malo mufuliji. Fuliji yathu ndi yaing'ono, ndipo inali yodzaza ndi zakudya za alendo. Ndinamuuza kuti katundu wakeyo abwerere pa tukutuku yomweyo.

Sanabwerere. Ine ndili kukhitchini, Vibol anakasanja makatoni onse m'shedi ya mabwato, poganiza kuti pafupi ndi madzi pamazizira. Pa loji yonse, shedi imeneyo yokha ndiyo yofolera ndi malata. Sarun anaona zonsezi koma sanandiuze, chifukwa iye mkangano wa pachibale amauopa kuposa njoka.

Sabata imeneyo tinalandira gulu la amayi odzasinkhasinkha. Mtsogoleri wawo anali Mayi Phalla, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wa imvi mbuu. Analonjezana kuti sayankhula mpaka tsiku lonyamuka, ndiponso sadya nyama kapena nsomba. Masana aliwonse ankayala mphasa pa thandala la matabwa limene lili pamwamba pa madzi, moyandikana ndi shedi ija, n'kukhala chete maso ali chitsinzinire.

Kwa Vibol, munthu wosayankhula ndi kasitomala amene sanakane. Ankazungulira matebulo pa nthawi ya chakudya, botolo m'manja, akunong'ona za ubwino wa shito. Mayi wina wachifundo analawa kasupuni. Nkhope inafiira, misozi chuchuchu, koma lonjezo lake sanaswe: anangoloza jagi ya madzi ndi manja onse awiri. Nditathamangira kukamuuza kuti mulinso tinkhanu, anandiyang'ana ngati ndamuthira poizoni ndine. Ndinamukokera Vibol kuseri kwa thanki n'kumuuza kuti akayandikiranso tebulo la alendo, akagona kwa amayi pamodzi ndi nkhululu zake.

Kenako linafika tsiku lotentha kwambiri, lopanda ndi kamphepo komwe. Ndinali kusenda mango aawisi pamene kunamveka kuphulika kumtsinje. Ndisanaike mpeni pansi, kunaphulikanso, kenako motsatizana, magalasi akuwomba malata.

Nditafika ndinapeza Mayi Phalla atagona chafufumimba pa matabwa, manja ataphimba mutu. Iwowo anakulira m'zaka za nkhondo, thupi lawo silinadikire kufunsa. Anzawo ena anabisala kuseri kwa miphika ya maluwa, ndipo mmodzi anali m'madzi, akukuwa kuti satha kusambira, pomwe madziwo ankamulekeza m'chiuno. Sarun anamuvuula. Amayi amene sanayankhule chifikireni tsopano ankayankhula onse nthawi imodzi.

Titatsegula shedi, fungo lowawasa linatibweza m'mbuyo. Msuzi wofiira uja unali utasasa ndi kutentha. Unali pa mabwato, pa nkhafi, pa majekete oyandamitsa, kudenga, ndipo mabotolo ena anali akuchitabe thovu m'makatoni. Pofika madzulo ntchentche ndi nyerere zofiira za m'dera lonse zinali zitamva uthenga. Vibol anaima pakhomo n'kunena kuti mwina mabotolowo anali olakwika kuchokera kufakitale.

Ndinamulanda foni n'kuimbira Adwoa uja. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze, ndipo iye anamvetsera mpaka ndinatopa. Kenako anati akubwera.

Anafika ndi basi ya m'mawa, mayi wamtali, wovala nsapato zamasewera, akuyankhula chiyankhulo chathu cha Chikhmer, cha mumsika, mothamanga kuposa ine. Ndinali nditakonzeka kukangana naye. Iye anapita molunjika ku shedi, anagwira lata ndi chikhatho, n'kutembenukira kwa Vibol.

"Iwe, za ofiirawa ndinakuuza chiyani?"

"Munati pamalo pozizira."

"Ndinati mufuliji. Ndinakugwiritsa chitseko cha fuliji yanga kuti uidziwe." Kenako anayang'ana ine. "Bong, mlongo wanuyu anandiuza kuti muli ndi hotela ya mafuliji atatu."

Ndinamuonetsa kafuliji kathu. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukhala pa thumba la mpunga.

Atapuma anapempha kuonana ndi Mayi Phalla. Anagwada, anaphatikiza manja monga timachitira kuno, n'kupepesa pa zimene sanachite iyeyo. Anapemphanso kuti awaphikire amayiwo chakudya chamasana, msuzi wa mtedza ndi ndiwo zamasamba, wopanda chamoyo chilichonse. Ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu zokanira.

M'khitchini sitinagwirizane ngakhale pang'ono. Iye ankati ife timathira shuga paliponse ngati tikuphikira ana. Ine ndinati mafuta amene anathira mu poto akanakwana kuyatsa nyale za ku kachisi. Anavundukula mtsuko wa prahok mosafunsa, n'kutuluka panja kukapuma mpweya, ndipo atabwerera ndinamukumbutsa kuti shedi yanga ikununkha msuzi wake. Tinkangomvana tikayamba za Vibol, amene tinkamuona pawindo akukwecha bwato ndi makoko a kokonati, kwinaku akuyankhula pa foni ataipanikiza paphewa.

Amayiwo anadya bwino, ena anawonjezera. Komabe ananyamuka madzulo omwewo, masiku awo asanathe. Mayi Phalla anandigwira dzanja pokwera galimoto n'kundiuza mofatsa kuti sanakwiye, koma bondo lawo latupa, ndipo chaka chamawa akayesa malo ena a ku phiri. Mayi wa m'madzi uja analemba pa intaneti kuti malo athu ndi okongola koma amaphulika. Anthu akamaimba foni kufuna malo, ena amafunsabe za zimenezo.

Mabotolo akuda aja sanaphulike ngakhale limodzi. Adwoa anawatenga onse, kupatula katoni imodzi imene anaisiya m'malo mwa majekete amene madontho ake sanachoke. Ndinaikankhira pansi pa shelefu. Patapita milungu ingapo ndinapeza kuti yatsala theka: Sarun ankathira shito pa phala lake la mpunga m'mawa uliwonse ndisanadzuke, ndipo anali atayamba kugawirako anzake opalasa mabwato. Tsopano Adwoa amatitumizira pa basi mwezi ndi mwezi, akudawo okhaokha, ndipo nthawi zonse amaimba kufunsa ngati ndasiya shuga.

Adwoa anamuchotsa Vibol pa udindo wake tsiku lomwe lija, pamaso panga. Iye sizinamukhudze kwenikweni. Anakhala nafe mpaka shedi inasiya kununkha, akudya katatu patsiku, n'kumauza alendo atsopano kuti loji ino ndi ya banja lathu. Tsiku lina ndinamupeza akuyeza thandala la matabwa lija ndi mapazi. Anati pali mnzake amene akugulitsa makina oimbira nyimbo za karaoke, otchipa, oyendera sola, ndipo phokoso lake munthu ukhoza kulichepetsa. Ndinaitana Sarun, ndipo ulendo uno anabwereka boti la injini kwa aneba kuti akamusiye Vibol msanga pokwerera basi.