Wachisanu pa Chithunzi

Ntchito yanga ndi ya fotokope. Shopu yathu ili pakati pa famase ndi malo osokera nsapato, ndipo mkati mwake muli makina awiri, kompyuta imodzi, ndi fani yomwe imazungulira ikafuna yokha. Abwana amabwera m'mawa kudzatsegula, amabweranso madzulo kudzatseka. Tsiku lonse ndimakhala ndekha ndi mapepala a anthu: makalata ofunsira ntchito, ziphaso, masatifiketi a ana. Eni ake salankhula zambiri. Amangoti, "Awiriawiri, mayi," n'kumayang'ana kumsewu.

Mwamuna wanga anapita kunja kukagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, chachiwiri mwa apo ndi apo, kenako zii. Mwana wathu ali kusukulu yogonera komweko, amabwera pa holide pokha. Ndiye chimene chinkandisunga chinali kufunafuna nyimbo zatsopano pa intaneti. Osati zija zimalira m'maminibasi ayi. Ndinkakonda za achinyamata osadziwika, ojambulira nyimbo kuchipinda kwawo ndi kagitala ndi kakiyibodi basi. Ena omvera awo sankakwana n'komwe makumi atatu. Ndikapeza yondigwira mtima ndinkalemba dzina lake m'kope, ngakhale panalibe woti ndimuonetse. Tsiku lina ndinayesa kumuikira imodzi mng'ono wanga. Sanafike nayo n'pakati pomwe, anachotsa hedifoni kukhutu.

"Achemwali, nyimbo zanuzi n'za odwala. Munthu angavine bwanji zimenezi?"

Sindinamuikirenso.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mayi wachikulire, wamtali, wovala magalasi omangidwa ndi kaulusi mbali imodzi. Anatulutsa envulopu m'chikwama, m'envulopumo muli chithunzi chakale chopindika m'makona.

"Mwananga, ndikufuna nkhope iyi yokha," anatero mayiwo akuloza mnyamata wonyamula gitala. "Ndi mlongo wanga, watisiya dzana. Tikufuna tiike pa pulogalamu ya maliro. Zithunzi zake za kuukulu zonse akuoneka ngati wina wamulanda chinachake."

Ndinawapepesa, n'kuika chithunzicho pa makina. Chitaoneka pa kompyuta ndinachikulitsa. Panali anyamata anayi ovala mathalauza otambalala kumapazi, awiri ali ndi magitala, wina ndi kiyibodi, wina atakhala kuseri kwa ng'oma. Pa ng'oma yaikulu panalembedwa ndi penti kuti NYALI ZINAYI. Kumapeto kwenikweni, phewa limodzi litadulidwa ndi wojambula, kunaima mtsikana atagwira maikolofoni ndi manja onse awiri.

"Inali bandi?" ndinafunsa.

"Zachibwana. Dula apa, koma khutu ulisiye."

Ndinadula, ndinasindikiza, iwo n'kumapita mwachangu. Lamulo la abwana ndi loti zinthu za makasitomala tizizifufuta akangotuluka. Nkhope ya malemuyo ndinaifufutadi, koma chithunzi chonsecho ndinachitumiza pa foni yanga.

Masana anthu atachepa ndinalemba dzina lija pa intaneti. Kunatuluka masitolo ogulitsa mababu. Ndinayesa kulilemba mwina ndi mwina, osapeza kanthu. Zinandikhala pamtima kuposa mmene ndinkaganizira. Mwana wadzulodzuloli akaimba kuchipinda kwake kutsidya kwa nyanja ndimamupeza tsiku lomwelo, koma anthu asanu amene anaimba mumzinda wanga womwe uno anali ngati sanabadwe n'komwe.

Loweruka timaweruka masana. Ndinakwera minibasi kupita ku nyumba ina yakale youlutsira mawu, kumene mlonda ananditumiza kwa bambo wosunga nyimbo. Ndinawapeza m'kaofesi kopanda zenera akudya nthochi.

"Matepi akale ambiri anaonongeka denga litadontha," anatero. "Otsalawo tinaika pa kompyuta, koma a oimba otchuka okha." Anayang'ana chithunzi pa foni yanga, n'kupukusa mutu. "Mabandi otere analipo mbwee, mayi. Sabata ino ayamba, sabata yamawa akangana. Kayeseni kumsika, mukafunse a Tembenuzani. Ngati iwowo sakuwadziwa, basi muiwale."

A Tembenuzani anali bambo wa imvi, wamfupi, ndipo dzinalo anawapatsa kale akugulitsa makaseti. Tsopano pa benchi yawo, kumapeto kwa mzere wa ogulitsa machaja, panadzaza makava a foni. Makaseti anali m'katoni pansi pa benchi, atafundidwa ndi thumba.

"Nyali Zinayi... Eyaa! Ankaimba ku holo ya ogwira ntchito kunjanji. Anali ndi kanyimbo kena ka basi yochedwa." Anatsinzina, n'kuyamba kung'ung'udza, chala chikumenya pa benchi. Anafika pena n'kusiya. "Mawu ake andithawa. Kaseti yawo sindinaigulitsepo, achemwali. Mwina sanatulutse n'komwe."

Kuholoko ndinapitako tsiku lomwelo. Ndinapeza akugulitsiramo matiresi. Nsanja ya oimba inalipobe, koma anaunjikapo matiresi mpaka kudenga, ali m'mapulasitiki awo. Ndinaima pakati pa holoyo ndikuyang'ana, mpaka wogulitsa anabwera kudzandifunsa kuti ndikufuna ya mainchesi angati. Ndinati ndimangoona, n'kutuluka.

Panapita masabata atatu. Usiku ndi usana nkhope ya mtsikana uja inkandibwerera, makamaka manja akewo, mmene anagwirira maikolofoni ngati wina amulanda. Kenako Lachinayi lina mayi aja anatulukiranso, atanyamula mapepala a malemu oti ndiwachulukitse. Makina akulira, ndinalimba mtima.

"Amayi, mundikhululukire. Chithunzi chija sindinachifufute."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinawafotokozera zonse, za kuwailesi, za kumsika, za matiresi. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma anangokhala pa mpando wa makasitomala, chikwama pamiyendo.

"Ndiye wayendayenda mzinda wonse chifukwa cha ife? Ulibe zochita, mwananga?"

"Ndilibe, amayi," ndinatero. Zinali zoona, ndipo anaona kuti sindikuseka. Mawu akuti "ife" aja ndiwo anandizindikiritsa kuti mtsikana wa maikolofoni uja anali iwowa.

"Ufunse chimene ukufuna."

"Bwanji Nyali Zinayi, pomwe pa chithunzi muli asanu?"

"Dzinalo anali atapenta kale ine ndisanalowe. Mlongo wanga anati kupala pentiyo n'kuononga ng'oma. Ndiye ndinaimba zaka zitatu osawerengedwa." Anaseka pang'ono. "Kaseti ilipo imodzi. Ndaipeza m'sutikesi ya malemu, pansi pa majekete. Koma choimbira ndilibe, ndipo sindikudziwa ngati ingalire."

A Tembenuzani anandibwereka wailesi yawo ya kaseti, yothyoka mlongoti, pamodzi ndi bolopeni. "Ikayamba kutafuna tepi muzimitse msanga, mukulunge ndi ichi. Osakoka ndi zala."

Lamlungu masana ndinafika kwa mayiwo. Ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni malo, ndipo pabalaza panali makatoni asanu omanga kale ndi zingwe. Anandiuza kuti amuna awo atamwalira anakhala m'menemo ndi mlongo wawo zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano mwana wawo wamwamuna wanena kuti sangakhalenso okha, akudzawatenga mwezi ukatha kupita nawo kumzinda wina kumene amagwira ntchito.

Anathira tiyi m'makapu awiri amene anali asanalongedze. Ine ndinaika kaseti, foni yanga n'kuiika pafupi ndi sipika kuti ijambule.

Poyamba kunangomveka phokoso ngati mvula pa malata. Kenako wina anawerenga mpaka kanayi, ng'oma n'kuyamba. Ndisaname, sinali nyimbo yodabwitsa. Magitala ankamveka patali, kiyibodi inkalira ngati ya ana. Koma kenako mawu a mtsikanayo analowa. Anali mawu okulirapo, osasalala, oimba za munthu amene wasesa pakhomo, wasamba, wavala, koma sakudziwa amene akumudikira. Ndinayang'ana mayiwo. Anali atagwira kapu, maso ali pa wailesi, milomo osagwedeza.

"Wang'omayu ankathamanga," anatero nyimbo ili mkati. "Tamva, akuthamanga. Tinkamuuza tsiku lililonse."

Panali nyimbo zinayi. Yachitatu ili pakati tepi inayamba kukoka mawu, ndinazimitsa, n'kukulunga ndi bolopeni. Inapitirira. Itatha yomaliza tinangomva mwininyumba akuchapa panja.

"Munasiyiranji?" ndinafunsa.

"Palibe nkhani, mwananga. Anthu amafuna pakhale nkhani. Zokuzira mawu zinali za aphunzitsi ena, iwo anawasamutsa, anapita nazo. Wakiyibodi anakwatira. Tinati tipume kaye mwezi umodzi." Anamwa tiyi. "Ine ndinapeza ntchito yotayipa, ndinatayipa zaka makumi atatu. Kuofesi palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti ndinagwirapo maikolofoni. Ngakhale mwana wangayu sadziwa bwinobwino."

"Nanga ndi malemu, simunkakambirana?"

"Tinkakambirana za mankhwala ake. Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba muno, kaseti ili m'sutikesi apo, osandiuza." Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Onse anayi anapita. Amene ndikanakangana naye za wang'omayu palibenso."

Anavalanso magalasiwo. Kenako analoza mahedifoni anga.

"Nanga zakozo, zimene umamvera, zimamveka bwanji?"

Ndinawapatsa hedifoni imodzi, inayo ndinaika kukhutu kwanga, moti tinakhala mitu itayandikana. Ndinawaikira ya mtsikana wina amene ndinali nditamupeza sabata yomweyo. Anamvera yonse osachotsa.

"Ameneyu akuimba ngati akuopa kudzutsa mwana," anatero. "Koma sakunama. Ali ndi ina?"

Tinamvera zisanu ndi imodzi. Ina anaikana, ina anati ndiibwereze. Dzuwa litapendeka ndinawapempha ngati ndingaike nyimbo zawo pa intaneti. Anati, "Ika, ndani angamvere?" Kaseti anaibwezera m'chikwama chawo cha m'manja.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinakabweza wailesi. A Tembenuzani anagwira foni yanga pakhutu, khutu linalo atatseka ndi chala chifukwa cha phokoso la msika. Anamvera zonse zinayi, nkhope ikukwinyika.

"Ya basi ija palibepo apa."

"Palibe. Akuti sanaimbepo ya basi."

"Aa! Ndiye inali ya ndani?" Anakanda imvi zawo, n'kuyang'ana katoni ya pansi pa benchi ngati iwayankha. Kasitomala anafika kudzafunsa kava, ine n'kubwerera kuntchito.

Nyimbozo ndinaziika pamodzi ndi chithunzi chija, chathunthu, ndipo pansi pake ndinalemba zonse zimene mayiwo anandiuza, ndi kuti woimbayo ndi mtsikana waima kumapetoyo. Ndinapitakonso Lamlungu lotsatira, tinamvera zina. Lamlungu lachitatu ndinapeza pakhomo pali loko. Mwininyumba anati mwana wawo anabwera Lachisanu ndi galimoto, wapeza mpata msanga kuntchito. Anandipatsa kapepala kamene mayiwo anandisiyira. Panali nambala ya foni yokha, yolembedwa bwino kwambiri.

Ndinadikira masiku anayi ndisanaimbe, kuopa kuoneka ngati wovutitsa. Amene anayankha anali mpongozi wawo, yemwe anandifunsa kawiri kuti ndine ndani. Ndinati ndine wa fotokope. Kenako ndinamva mapazi, chitseko, ana akulimbirana chinachake, wailesi yakanema ikusokosera.

"Halo? Ndani?"

"Ndine, amayi. Wa nyimbo uja."

"Oo, mwananga! Ulankhule mokweza, kuno n'kumsika."

Ndinawauza kuti nyimbo zawo zamveredwa ndi anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Sindinawauze kuti kangapo mwa apo ndinali ine ndemwe.

"Angati?"

"Khumi ndi asanu ndi anayi!"

"Ee, achuluka! Tsiku lathu lomaliza kuholo kuja anabwera asanu ndi awiri, wina anali wosesa." Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayamba kuwauza za bandi ina yatsopano imene ndinaipeza, ya atsikana awiri apachibale, koma kumbuyo kwawo mwana analira, wina anaitana kuti agogo, agogo.

"Akundifuna, mwananga. Udzaimbenso, wamva?"

"Ndidzaimba, amayi."

Foni inaduka. M'shopu munali mutalowa bambo wina ndi mulu wa mapepala a mayeso, akugogoda pa kauntala ndi kiyi wa galimoto. Ndinaika foni m'thumba, ndinawalandira mapepalawo, n'kuwafunsa kuti akufuna angati.