Chikhakha cha Malizani

Zaka khumi ndi ziwiri Malizani ananyamula mzungu wa pa esiteti ya tiyi pa machila, lero ku Boma, mkuja ku Limbe. Mzunguyo atagula galimoto machila anapuma, koma msana wa Malizani sunamve uthengawo. Unkamuluma m'chiuno ngati galu wa apongozi, woti sungamugende. Mphini anatemera mpaka malo anatha. Miyendo itayamba dzanzi anamutengera kuchipatala cha mishoni, iyenso pa machila, ndipo tsiku limenelo anadziwa chifukwa chake bwana ankaliza mkonono m'njira.

Dokotala anasema fupa pa msongolo, mwendo wosalakwa kanthu, nalilumikiza kumsana. Kenako anamumata chikhakha kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Malamulo anali atatu: osawerama, osasenza, osachotsa mpaka mvula itatha. Akachotsa msanga, mafupa sagwirana, adzayenda chokwawa.

Kunyumba mkazi wake Lestina anazula chitseko n'kumugoneka pamenepo. Miyezi itatu Malizani anaona denga lokhalokha, nkhuku zikulowa ndi kutuluka ngati kwawo. Pakamuyabwa m'kati ankapisako kansungwi, koma kankafika paliponse kupatula pamene pakuyabwapo.

Mvula inagwa, tiyi anaphuka, ndipo anabwera Fabiano, kapitawo, ambulera ili m'khwapa.

"Odi kuno! Kapena ndigogode pa inu nomwe, poti chitseko mwagonera?"

"Gogodani pachifuwa apa, a kapitawo, pamalira bwino."

Fabiano anaseka pang'ono, nakhala pa mtondo. "A Malizani, thangata mukulidziwa. Nyumba ili pa nthaka ya bwana. Dzinja lino mwamuna aliyense aoneke m'munda. Wosaoneka Lolemba, denga lake tisasula."

"Bwanayo ndinamubereka ine zaka zonsezi."

"Ndinawakumbutsa. Akuti akukumbuka, munkayenda bwino."

Fabiano anachoka. Kwawo kwa Apwitikizi anathawako kale, kobwerera kunalibe, ndipo ana awo awiri, Alesi ndi mng'ono wake, anagona kumanda a pomwepa. Lestina anatenga mpeni wodulira tiyi nayamba kunola.

"Mukufuna kupha ndani, mayi a Alesi?"

"Chigoba chanucho. Tichotse, muzikathyola ngati anzanu. Kapena ndipite ndine."

"Akufuna mwamuna. Ndipo mukachotsa, mudzandibereka ndinu mpaka kumanda."

"Nanga titani? Tiyi amalekeza m'chiuno. Muthyola bwanji osawerama, ngati mtengo wa bulugamu?"

Malizani ankaganiza za machila. Pa mtsetse, wamtali ankamuika kumunsi, wamfupi kumtunda, kuti bwana asapendekeke. Munthu ukaima kumunsi, zakumtunda zimakwera zokha kudzakupeza.

Lolemba anafika pobwalo loitanira mayina atagwira ndodo, ali chilili ngati msilikali. Anthu anasiya zokamba.

"A kapitawo, ndipatseni munda wa Nambala Seveni."

"Kuphedi kuja? Kumene timatumiza ochedwa? Mankhwala a azungu akukwerani m'mutu?"

"Komweko. Koma dengu asenze mayi a Alesi."

Fabiano anakanda chibwano. Nambala Seveni inkamudwalitsa mutu chaka chilichonse, poti aliyense wopatsidwa mzere kumeneko ankadwala m'mimba mwadzidzidzi. "Pitani. Mukagubuduka, sindinakuoneni."

Kukwera kokha kunatha ola. Dothi lofiira linali ngati therere. Malizani ankaponda cham'mbali, kuzika ndodo, kukoka mwendo wosemedwa uja, kupuma. Atafika anaima kumunsi kwa mzere, ndipo tiyi anamufika pachifuwa. Anatambasula manja: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Lestina anaima kumbuyo kwake, dengu kumsana, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwa chikhakha.

"Musandikoke, mayi."

"Sindikukoka, ndikuchirikiza. Thyolani, pakamwa pachepe."

Dzuwa litafika paliwombo thukuta linali litadzaza m'chigobamo, likuyenda ngati nyerere. Ululu unayamba m'chiuno, n'kutsikira kumwendo, n'kubwereranso. Kawiri phazi linaterereka, kawiri Lestina anamutsamira ndi phewa. Kukhala pansi sakanatha, poti womudzutsa pa mtsetse wotero panalibe. Chinangwa anadya ataima.

Madzulo Fabiano anakwera akupuma wefuwefu, nasuzumira m'dengu.

"Mwana wa zaka khumi amathyola kuposa apa."

"Mutumizeni kuno mwanayo."

Kapitawo anayang'ana mizere inayi yometedwa bwino, nayang'ananso phedi lonse limene linatsala, lobiriwira mpaka pamwamba.

"Denga likhale. Koma munda uno ndi wanu tsopano, mpaka mvula ithe."

"Mawanso?"

"Mawa, mkuja, mtondo. Tiyi sadwala msana."

Malizani anapereka dzanja kwa mkazi wake, nayamba kufunafuna ndi ndodo poti aponde potsika.