Dzenje la Miyala ku Kanyama

Ba Goliati anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pa boti lofufuza za nsomba pa nyanja ya Kariba. Ankayendetsa makina otumiza phokoso pansi pa madzi. Phokosolo likagunda chinthu linkabwerera, makinawo n'kujambula mizere papepala. Kampaniyo itagulitsidwa mu 1994, antchito onse anachotsedwa. Eni atsopano anataya makina akalewo, koma Ba Goliati anawatola n'kubwera nawo ku Kanyama, komwe anayamba kukonza mawailesi pakhonde.

Dzinja lina mvula inadzaza maenje amene anthu ankakumbamo miyala. Kalumba, bambo wophwanya miyala, anaterereka n'kumira m'dzenje lalikulu. Anthu anafufuza ndi nsungwi masiku atatu osamupeza, poti madziwo anali matope okhaokha.

Tsiku lachinayi m'mawa, Nsama, mkazi wa Kalumba, anafika pakhonde paja n'kugwada.

"Ba Goliati, namvera ati muli na mashini yoona pansi pa manzi."

"Siona, mayo, imamvera chabe. Elo papita myaka, kaya ngati ikali kusebenza."

"Yesani chabe. Nifuna nikamuike monga munthu."

Ba Goliati anavomera. Anamangirira matabwa pa migolo inayi, anabwereka batire la minibasi, n'kukwera ndi makina awo. Amuna awiri ankakoka migoloyo pamadzi ndi chingwe. Anadutsa dzenjelo m'litali, kenako m'lifupi, kenakonso mopingasa, chifukwa ankadziwa kuti chinthu chomvedwa mbali imodzi yokha chimapusitsa. Akafika kumtunda ankayala mapepala pansi n'kuwatsindira ndi timiyala, kuyerekeza mizere.

Malo oyamba amene analoza, anthu anaponyapo mbedza, koma inavuula chitseko cha galimoto. Ena anaseka, ena anabwerera kwawo. Ba Goliati anatsika n'kuyamba kupinda mapepala awo. Atayang'ana kumtunda, anaona Nsama ali chikhalire pomwepo, maso ali pa iwo. Anakweranso.

Dzuwa litapendeka, mizere ya mbali zonse zitatu inagwirizana pansi pa thanthwe lina la kum'mawa.

"Ponyani apa," anatero motsitsa mawu.

Mbedza inakola malaya a Kalumba, ndipo anamuvuula. Azimayi amene analipo anayamba kulira, ndipo Ba Goliati anangokhala pansi m'matopemo. Nsama anavula chitenje chapamwamba n'kupatsa amuna aja kuti afunditse mwamuna wake.

M'mawa mwake anamuika kumanda a ku Chingwere. Ba Goliati sankamudziwa Kalumba ali moyo, komabe anapita nawo, ndipo atapatsidwa fosholo anakwirira limodzi ndi abale.