Kabuku ka a Telala

"Bambo, mowa musiye. Taonani mmene mukuyendera," anatero dokotala wa pachipatala chaching'ono, maso ali m'kabuku.

Aka kanali kachinayi kubwera kuno. Kachete anaima kumbuyo kwa bambo ake, a Telala, atafumbata jumbo. Dzina loti Kachete anamupatsa kusukulu chifukwa pakamwa pake pankalemera, koma tsikuli mtima unamuwawa.

"Adokotala, bambo anga samwa."

"Onse amatero, chemwali." Analemba mapiritsi a mutu omwe aja. "Wotsatira!"

Jumbo ija anabwerera nayo osatsegula. Munali malaya atatu amene bambo ake anasoka mwezi umenewo, onse opanda mkono wakumanzere. Munthu wosoka zaka makumi awiri osakhotetsa msoko! Tsopano ankameta ndevu tsaya limodzi, ankadya mbali imodzi ya mbale n'kumadandaula kuti chakudya chachepa. M'mawa uliwonse ankasanza, mutu ukung'amba.

Chinawononga zonse chinali kabuku kachipatala. Tsiku loyamba anafika akudzandira, lilime litalemera, ndipo wina analembamo kuti ndi woledzera. Kuyambira pamenepo aliyense ankawerenga kabuku, osati wodwala.

Kunyumba nako, azakhali anali atameza bodzalo. "Achimwene, botolo mumabisa kuti? Pansi pa makina? Tigawireni nafe, tisoke malaya a mkono umodzi!"

A Telala anaseka mwamanyazi, pakamwa patapotoka. Kachete sanaseke. Anatenga lezala lotumbulira misoko, nadula masamba onse olembedwa a m'kabuku kaja, bwinobwino ngati mmene bambo ake anamuphunzitsira kudula nsalu.

Kutacha anawakokera bambo ake kuchipatala chachikulu.

"Kalata yokutumizani kuno ili kuti?" anafunsa namwino.

Kachete anakhuthula jumbo patebulo. "Kalata yake ndi imeneyi."

Namwino anatambasula malaya amodzi, kenako achiwiri, nayang'ana ndevu za a Telala. Anadzuka n'kukaitana dokotala wamkulu, mayi wa imvi. Mayiyo anaimika chala kumanja kwa a Telala, ndipo iwo anachiona. Atachiimika kumanzere, iwo anangoti, "Mwabisa."

Podikira makina ojambula m'mutu panapita milungu iwiri. Chithunzi chitatuluka, dokotala analoza banga lalikulu loyera.

"Ichi ndi chotupa muubongo, ndipo chikuoneka ngati khansa yokula msanga. Yalowerera ngati mizu. Opaleshoni ichotsa mbali chabe, kenako mankhwala amphamvu. Sindikunamizani, kawirikawiri imabwereranso. Mukanabwera msanga, mwina dzanja ili likanakhala likugwirabe singano."

"Tinabwera!" Mawu a Kachete anamveka mpaka pakhonde, iye mwini anadzidzimuka nawo. "Tinabwera kanayi!"

A Telala anakanda tsaya losameta lija.

"Ndiye kuti si mowa, adokotala?"

"Si mowa, bambo."

"Mulembe m'kabukumo. Zilembo zikuluzikulu. Mlongo wanga maso anayamba kumuvuta."

Azakhali atawerenga anakhala pansi pakhomo, nadziphimba kumaso ndi malaya a mkono umodzi. Kachete anawadutsa osawatonthoza.

Lolemba anapita yekha kuchipatala chaching'ono. Anakhala pabenchi, kusuntha ndi mzere maola atatu, mpaka anamva, "Wotsatira!"

Dokotala uja sanadzutse mutu. Anangotambasula dzanja. "Kabuku. Mukudwala chiyani?"

Kachete anayala patebulo masamba odula aja, pambali pake chithunzi cha mutu wa bambo ake.

"Sindikudwala. Ndabwera kuti muwerenge zimene munalemba, kenako muone ichi."

"Chemwali, panja pali anthu."

"Ndawaona. Wachitatu pamzere ndi mayi wodzandira, ndipo sakununkha mowa." Anakoka mpando nakhala, manja pamaondo. "Yambani tsamba loyamba. Ndidikira."