Chitseko cha Loja ya ku Cuamba

Bambo Rashide, telala wa ku Mandimba, anayamba kugula zithunzi za Mariana tsiku lomwe anapita ku Cuamba kukafuna singano za makina. Mariana anali mtsikana wojambula ndi penti, ndipo ankajambula nyumba zokhazokha: siteshoni ya sitima, mzikiti, maloja, masitolo akale a makhonde aatali. Pofika chaka chachitatu, pabalaza pawo panali zithunzi zisanu ndi ziwiri.

Akazi awo, mayi Fatuma, ankazipukuta fumbi uku akung'ung'udza. "Anzanu amapachika zithunzi za adzukulu. Inu mukupachika makoma pakhoma."

"Taonani mmene dzuwa lagwera pa malatawa," ankayankha bambowo. Mayiwo ankangoseka.

Tsiku lina bambowo anabwera ndi china atachikulunga m'kapulana, nsalu ya chitenje. Mayi Fatuma atamasula, anakhala pansi. Chinali chithunzi cha loja ya masitepe atatu ndi chitseko chofiirira.

"Ine ndi amayi anga tinagona pakhonde ili mwezi wathunthu, titangobwera kuchokera ku Malawi mu 1993," anatero mayiwo.

"Zaka zonsezi simunandiuzepo."

"Simunafunse. Koma mwanayu walakwitsa. Chitsekochi chinali chobiriwira."

Loweruka m'mawa anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, onse awiri atanyamula chithunzicho. Mariana anawalandira m'kachipinda kake konunkha penti, ndipo anafotokoza kuti lojayo anaigwetsa kalekale. Iye anatengera pa chithunzi chakale chofwifwa.

"Khalani apa, mayi, mundiuze bwinobwino," anatero akutenga burashi.

Mayi Fatuma anakana mitundu itatu ya penti yobiriwira. "Wawala kwambiri. Uwu ndi wa masamba a chinangwa. Onjezera wakuda pang'ono." Wachinayi anaugwedezera mutu. Kenako pakamwa panatseguka: sitepe yapakati inali yong'aluka, pambali panali mpopi wodontha, ndipo mkazi wa mwini loja ankawapatsa tiyi mbandakucha amuna ake asanadzuke. Mariana ankajambula chilichonse, ngakhale kapu yachitsulo pasitepe.

Bambo Rashide anakhala pa chitini cha penti, onse atawaiwala. Ankayang'ana akazi awo akuloza ndi chala, ndipo kawiri konse anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Pobwerera chapa inadzaza mpaka pakhomo. Mayi Fatuma ananyamula okha chithunzicho pamiyendo, penti isanaume bwino. Bambowo atati awalandire, anakana. Anatembenukira mnyamata wamkulu wa thumba la nsomba zouma za ku Amaramba yemwe anaima pafupi.

"Achimwene, thumba lanulo lisendere uko. Muli pakhonde pathu."