Theka la Denga

Lestina anaumva uthengawo Lachisanu masana ali pasikelo, akudikira kuyezetsa tiyi amene anathyola. Kapitawo anakwera pachitsa n'kunena kuti wailesi yalengeza za mphepo yamkuntho yochokera ku Mozambique, ndipo ifika ku Thyolo Loweruka. Anati aliyense akamange denga lake, ndipo ana asakasewere pansi pa mitengo ya bulugamu.

Nyumba ya Lestina inali kumudzi, kutsidya kwa kamtsinje kolekanitsa esiteti ndi minda ya anthu. Malata ake anali akale, ogula kwa munthu, ndipo misomali yambiri inali itayamba kuzuka. Amuna ake, a Josiah, ankagwira ntchito kufakitale ya tiyi, komanso anali dikoni kumpingo wa Sabata. Ataweruka anafika ndi waya paphewa, nakwera padenga asanamwe ndi madzi omwe. Iwo ankadutsitsa waya pamwamba pa malata, Lestina ali pansi akuulandira n'kuumangirira kuzikhomo.

Mbali yakumaso itatha, dzuwa linali litagunda phiri. A Josiah analiyang'ana, anayang'ananso waya wotsalawo, kenako anatsika.

"Bambo a Jean, kuseriku simunamange," anatero Lestina.

"Sabata lalowa."

"Nanga mphepoyo ikudziwa za Sabata?"

A Josiah anatenga ndowa n'kupita kukasamba.

Lestina anakulira m'Chikatolika. Sabata analidziwira pabanja, ndipo zaka zonsezi ankalisunga osanyinyirika. Koma m'mawa mwake kunacha kotentha, kuli zii, mitambo yakuda itatsika kum'mawa. Nthawi yopita kutchalitchi itakwana, ananena kuti mutu ukumupweteka. A Josiah anamuyang'anitsitsa, kenako anagwira dzanja la mwana wawo Jean nanyamuka.

Atangozimiririka m'nthochi, Lestina anaimika makwerero kuseri kwa nyumba, anamangitsa chitenje, nakwera. Anali asanakwerepo padenga chibadwire. Malata ankalira pansi pa mawondo ake, waya ukumucheka m'manja. Ntchitoyo inali ya anthu awiri: aponye waya, atsike, amange, akwerenso.

Ali pamwambapo anamva munthu akutsokomola pansi. Anali a Josiah, atavala jekete lawo lakutchalitchi, Baibulo lili kukhwapa.

"Mutu uja wapola?" anafunsa.

"Mapemphero atha kale?"

"Ayi. Jean ndamusiya ndi azakhali ake, abwera naye. Ndawauza akulu ampingo kuti ndikukaona wodwala."

Anayang'anizana. M'thumba la jeketelo Lestina anaona pulayala ikusuzumira, yobwereka kwa aneba.

"Ndiye kwerani," anatero.

"Ine ndingogwira makwererowa kuti mungagwe."

Anagwiradi, koma sipanapite nthawi. Kunadutsa kamphepo kamene kanatukula lata lina n'kuliombetsa pamtanda. A Josiah anavula jekete, analipinda bwinobwino, anaika Baibulo pamwamba pake pakhonde, n'kunena kuti, "Tsikani, mayi a Jean. Inu muzimanga pansi."

Anamaliza kumanga mbali yakuseriyo. Atatero anasanjika njerwa m'mphepete mwa malata, anachirikiza nthochi zobereka ndi mphanda, nalowetsa mbuzi m'chipinda chosungiramo chimanga. Jean anafika ndi azakhali ake madontho oyamba akugwa.

Mphepoyo inayamba masana. Inkabwera ndi kulira kuchokera kuminda ya tiyi, n'kugwedeza nyumba yonse, fumbi likuyoyoka m'makoma. Iwo anakhala pamkeka pakati pa nyumba, Jean atabisa nkhope pamiyendo ya mayi ake. Denga la kakhitchini kaudzu linapita, sanalionenso. Nthochi zambiri zinagwa ndi mphanda zomwe. Koma malata a nyumba, ngakhale ankalira ngati ang'ambika, anakhala.

Lamlungu m'mawa Lestina anayamba kutola mikoko ya nthochi zakugwazo, kupatula zokhwima zoti akagulitse ku Masambanjati. A Josiah anati akupita kwa mkulu wa mpingo kukamufotokozera za wodwala uja. Anabwerako madzulo, malaya ali dzimbiri lokhalokha.

"Akuti chiyani?" anafunsa Lestina.

"Sitinakambe. Ndawapeza akutola malata awo m'munda mwa chinangwa. Angondipatsa hamala."