Chipewa cha Bambo Awo a Odessa

Renita anali atatopa asanalowe n'komwe m'nyumba yosungira mbiri. Poimika galimoto anapapeza kutali, dzuwa la ku Dallas likuotcha mopanda chisoni, ndipo mayi ake, a Odessa, ankayenda mokhwekhwereza mapazi. Pamsewu pomwe pulezidenti wa dzikolo anawomberedwa kale lija, alendo ankadikira kuti magalimoto aime, n'kuthamangira pachizindikiro cha paphula, pomwe chipolopolo chinamupezera, kukajambulitsa, mano ali mbee.

"Akutani amenewo?" anafunsa a Odessa.

"Akusekerera pomwe munthu anafera, amayi. Tiyeni."

Ulendowu anauyambitsa ndi Purvis, msuweni wa Renita, munthu wa pakamwa posatseka. Iyeyo ndiye ananena kuti m'nyumba yosungira mbiri ya tsikulo muli chithunzi cha khamu, ndipo m'khamumo muli a Odessa ali kamtsikana, ataima ndi bambo awo. Bambowo anamwalira chaka chotsatira osasiya chithunzi n'chimodzi chomwe. A Odessa anaiiwala kalekale nkhope ya bambowo, ndipo tsopano maso awo ankazima pang'onopang'ono. Dokotala anawauza mosabisa kuti pofika Khirisimasi kudzakhala mdima wokhawokha.

"Ndingowaona kamodzi basi," ankatero tsiku ndi tsiku, mpaka Renita anapempha tchuthi kuntchito.

Pansanjika ya pamwamba anthu anali ndi zomvera m'makutu zowafotokozera mbiriyo, aliyense ali duu ngati pamaliro a mlendo. Ambiri anaunjikana pazenera lomwe akuti wowomberayo anabisalapo. Renita analibe nalo ntchito zeneralo. Analimva kusukulu, analimva pa wailesi, mpaka linamukola. Anazungulira makoma onse atawagwira mayi ake pamkono, miyendo ikuphwanya, mumtima akumulalatira Purvis ndi bodza lake.

Koma Purvis sananame. Chithunzicho chinali pakona. Kamtsikana ka diresi la maluwa, chipumi chenicheni cha mayi ake, ndipo kumbuyo kwake mwamuna wamtali. Kungoti galimoto ya pulezidenti ikudutsa, mwamunayo anali atavula chipewa n'kumachikupiza, ndiye chipewacho chinaphimba nkhope yonse. Renita anamva chisoni.

A Odessa anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi.

"Sindikuona kanthu, iwe Renita. Tandiuza. Maso awo ndi otani?"

Bodza linali pafupi pakamwa. Akanangoti ndi a maso akuluakulu, akumwetulira, nkhani n'kuthera pompo, iwo n'kupita kukadya nyama yootcha. Koma mayi akewo bodza ankalimva fungo lili kutali.

"Nkhope sikuoneka, amayi. Avula chipewa, ndiye chawaphimba."

A Odessa sanachoke pagalasipo. Mlendo wina anawapempha kuti asunthe pang'ono, Renita anangomuyang'ana ndi diso loipa mpaka anachoka yekha.

"Chipewa chimenecho!" anatero a Odessa. "Masiku amenewo, poti ndife akuda, bambo ankachivulira mzungu aliyense pamsewu, ngakhale mwana. Ankachigwira pachifuwa, mutu uli pansi. N'chifukwa chake ndimangokumbuka dazi lawo. Chili pachifuwa eti?"

"Ayi, amayi. Achikweza, akuchikupiza."

"Nanga mutu?"

Renita anayang'anitsitsa. Pansi pa chipewacho pankaoneka khosi ndi kachibwano.

"Sunawerame. Khosi lili njoo."

"Ndiye kuti tsiku limenelo anavula mwa kufuna kwawo." Anapumira m'mwamba. "Dzanja linalo lili kuti?"

"Lili paphewa panu. Lakumanzere."

A Odessa anakweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuligoneka paphewapo. Anaima choncho maso atatsinzina, anthu a zomvera m'makutu akuwalambalala.

"Ndijambule chithunzichi pafoni, tikachikulitse kunyumba?" anafunsa Renita.

"Tikakulitse chipewa? Usandiseketse, mwanawe. Tiye kwathu, ndatopa."

Anatsika, anadutsa alendo aja akuthamangirabe pamsewu, anayenda mtunda wonse uja padzuwa. Mpaka kukafika pagalimoto, dzanja lija linali likadali paphewa.